Analetsa mfuti koma moose sizinabwerere

A Mkonzi,

Ndiloleni danga pang'ono. Ine ndimakhala ku Duluth, m'chigawo cha Minnesota kuno ku America, ndipo nyuzi yanuyi ndimawerengera pa foni ndikaweruka. Ndikufuna ndikambeko za nyama ina yakuno yotchedwa moose, mene yatheramo m'nkhalango zakumpoto kwa chigawo chino, komanso mkangano umene ulipo pakati pa alenje, a boma ndi akatswiri pa za chimene chikuimaliza. Mwina wina ati nanga ife zikutikhudza chani, dikirani kaye ndifikapo, koma ngakhale zisakukhudzeni nkhaniyo payokha ndi yofunika kuimva.

Kwa amene sanaionepo, moose ndi ya m'banja la agwape koma ndiyo yaikulu kuposa onse. Yamphongo yakuno imalemera makilogalamu 450 ngakhale kuposa, paphewa imatalika pafupifupi mamita awiri, miyendo italiitali, chimlomo cholendewera, pakhosi kachikopa kakulendewera, nyanga zake zophwatalala zimene zimathothoka chaka ndi chaka nkumeranso zina. Imadya masamba ndi nsonga za timitengo tanthete, nthawi yotentha imalowa m'madzi nkumadya zomera za pansi pa nyanja mutu wonse uli m'madzi. Ndi nyama ya kozizira, ndiye gwirani mfundo imeneyi chifukwa tibwererako.

Chaka chilichonse mu Januwale nthambi ya boma yoona zachilengedwe, kuno amangoti DNR, imakwera helikopita nkumawerenga moose kumpoto chakum'mawa kwa Minnesota. Sawerenga nkhalango yonse ayi, amasankha zigawo zingapo nkuwerenga bwinobwino kenako nkuyerekeza kuti dera lonse zingakhalemo zingati, ndipo amadikira sinowo agwe kaye kuti chinyama chakudacho chizioneka pamalo poyera. Mu 2006 anapeza kuti zilipo 8,840. Pofika 2012 zinali 4,230. Chaka chotsatira, 2013, nambala inagwa mpaka 2,760, ndipo mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho boma linalengeza kuti ulenje wa moose watsekedwa. Mpaka lero sunatsegulidwe. Mu 2014 kalembera anati 4,350, zimene zikungosonyeza kuti mawerengedwe a pa helikopitawa amasewera kwambiri, moose sizingaswane choncho chaka chimodzi. Koma ukayang'ana zaka zonsezi kuchokera pamenepo nambala ikungozungulira pakati pa 3,000 ndi 4,700, mwachitsanzo 3,290 mu 2023 ndi 3,470 mu 2024. Ndiye kuti zaka zoposa khumi mfuti za alenje a laisensi ya boma zili chete, koma nyama zikadali theka la mene zinalili.

Nde funso langa ndi lomweli, ngati vuto linali mlenje bwanji sizinabwerere?

Ulenje wake umene anatsekawo sunali wa chisawawa. Unayambiranso mu 1971 patadutsa zaka pafupifupi 50 uli wotseka. Laisensi siimangogulidwa pa kauntala, anthu ankalembetsa m'magulu a anthu awiri mpaka anayi nkuchitidwa mayere, gulu lonse moose imodzi basi. Kuyambira 1991 anaika lamulo loti ukapata mwayiwu kamodzi ndi komweko moyo wako wonse, uphe usaphe. Kuyambira 2007 anati zamphongo zokha, yaikazi osaikhudza. Chaka chomaliza cha 2012 alenje a boma anapha zamphongo zosakwana 50. Pa nyama 4,000 imeneyo si nambala yoti nkugwetsa mtundu, ndipo a DNR enieniwo ananena potseka kuti ulenje sindiwo ukuchititsa. Ine sindikutsutsa kutsekako, pamene zinafika panalibenso kuchitira mwina, sungamauze anthu kuti nyama ikutha uku ukugulitsa malaisensi oiphera. Chimene ndikukana ndi maganizo oti potseka paja ndiye kuti ntchito inagwiridwa. Kutseka kunali kosavuta, ndi siginecha imodzi.

Pali mdala wina timakhala naye moyandikana, mzungu wa zaka za m'ma 70, anagwira ntchito ku migodi ya chitsulo mpaka kupuma. Iyeyu mwayi wake wa kamodzi uja unamugwera m'zaka za m'ma 1990 ndipo mpaka lero nyanga zili pakhoma mu galaja. Ndi amene anandiphunzitsa kupalasa bwato lakuno nkumanditenga ku Boundary Waters, chinkhalango cha nyanja zoposa 1,000 kumalire ndi Canada, chachikulu maekala oposa 1 miliyoni, komwe mbali yaikulu injini ndi yoletsedwa, njinga ndi yoletsedwa, ngakhale wilibala simungalowe nayo. Mumayenda pa galimoto mu msewu wa Gunflint Trail kuchokera ku Grand Marais, kapena Echo Trail kuchokera ku Ely, kapena Sawbill Trail kuchokera ku Tofte, msewu ukatha netiweki nayo inatha kalekale, mumatsitsa bwato. Nyanja ikatha mumasenza bwatolo pamapewa mutu uli mkati nkudutsa kanjira ka miyala ndi matope mpaka nyanja ina. Tinjira timeneti amatiyeza ndi muyezo wotchedwa rod, umodzi ndi ngati mamita asanu, ndiye mukaona pa mapu palembedwa 320 dziwani kuti ndi mailosi yathunthu bwato lili pamutu, udzudzu ukukudyani manja onse ali otanganidwa.

Pa kanjira kena kotere chakumayambiriro kwa Okutobala mdala uja anaima nkutsitsa katundu, akuti bwera udzaone. Anandionetsa kamtengo ka nthambi zofiira m'mphepete mwa dambo, nsonga zake zonse zili bwinobwino zosadyedwa. Akuti kale kamtengo ngati aka sukanakapeza kathunthu, kamakhala kometedwa mpaka m'chifuwa mwa munthu, ndipo timitengo tataliko moose imatikhotetsa nkutithyola kuti ifikire nsonga. Anafukula masamba ndi nsapato kufuna ndowe, zija zimakhala timibulu tatitali ngati chala chamanthu, anapeza zakalekale zoyera zongofumbutuka. M'matope munali mapazi inde koma ang'onoang'ono osongoka, a agwape. Kenako anatulutsa lipenga lake la khungwa la mtengo wa birch limene anapinda yekha, nkuika pakamwa atatsina mphuno, kulira ngati yaikazi imene ikufuna yamphongo, kulira kwautali kokhala ngati kubuula. Nthawi imeneyi, kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, ndiyo yokwerana, yamphongo ikamva imayankha ndi kudzuma kwapansipansi nkumabwera ikuswa nthambi ndi nyanga. Tinakhala pa mwala mpaka tiyi wa mu fulasiki kuzizira. Kunayankha bakha.

Komanso tsiku limenelo tinali titavula majekete, thukuta lili kamukamu, Okutobala. Apa ndi pamene alenje akale amadandaula kwambiri, ndipo amene akusakabe, kaya ku Ontario kutsidya kwa malire kaya amitundu ya Ojibwe, eni nthaka amene azungu anawapeza kuno, amanena zomwezo. Kukatentha moose siyenda masana, imakabisala m'madambo a mitengo yothithikana nkugona pa ndere zonyowa, kuitana kwanu siilabadira mpaka usiku pamene lamulo silikulolani kuombera. Akatswiri ku Canada anayeza m'zaka za m'ma 1980 nkupeza kuti ikavala ubweya wake wa nthawi yozizira imayamba kuvutika ndi kutentha pa madigiri 5 pansi pa ziro, ndipo nthawi yotentha pa madigiri 14 okha. Taganizani, 14, pamene enafe tikufuna juzi. Nyama ikamataya maola ambiri ili gone kuthawa dzuwa ndiye kuti sikudya, ikapanda kudya mokwanira imalowa m'nyengo yozizira ilibe mafuta, ndipo chilichonse chimene chingaipeze pamenepo chimaigwetsa mosavuta.

Ndiye tinene kuti mwaipha, ntchito ndi pamene yayamba. Mdala amati ukaombera moose chisangalalo chimatha mfuti ikangolira. Chinyama cha makilogalamu 450 simungachitembenuze awiri popanda zingwe, ndipo chikagwera m'madzi, zimene zimachitika kawirikawiri, mumasendera momwemo madzi ali m'chiuno. Chikopa chichoke msanga chifukwa ubweya uja umasunga kutentha, nyama imayamba kuwawasa kuchokera pa fupa. Mumadula miyendo inayi, nthiti, msana, khosi, nkuika m'matumba a nsalu kuti ntchentche zisaikire mazira, nkupachika pamthunzi mphepo izipita. Mwendo umodzi wakumbuyo ndi katundu wa munthu mmodzi wamphamvu ndipo akafika nawo kutsidya maondo akunjenjemera. Kanjira kalikonse kamene munadutsa kamodzi popita, pobwerera mukadutsa kambirimbiri, uku mukudziwa kuti chimbalangondo chamva kale fungo. Kale usiku wa Okutobala unkagwira ntchito ya firiji. Pano mlenje wanzeru akaona kuti sabata yonse kukhala kotentha amaisiya nyama ikudutsa, kapena amasaka kufupi ndi msewu, zimene zikutanthauza kuti tinjira takutali tija tatsala ndi anthu ojambula zithunzi.

Tsopano mukakhala pa malo omwera khofi m'matauni ang'onoang'ono akumpotoku nkufunsa kuti moose zinapita kuti, yankho limabwera musanamalize funso: mimbulu. Minnesota ili ndi mimbulu yambiri kuposa chigawo china chilichonse kupatula Alaska, pafupifupi 2,700, ndipo ili pansi pa chitetezo cha boma lalikulu la America. Anailola kusakidwa kuyambira 2012 mpaka 2014 khothi nkuletsanso. Anthu ali ndi mkwiyo pa nkhani imeneyi, zikwangwani zilipo m'misewu, ndipo sikuti akunama kotheratu. Kafukufuku wa DNR anaonetsa kuti ana a moose ambiri amene amafa miyezi yoyambirira amagwidwa ndi mimbulu, ena ndi zimbalangondo. Zimenezo nzoona ndipo amene amakonda mimbulu asamazibise.

Koma pali zinthu zimene nkhani ya mimbulu siingafotokoze. Kumpoto chakumadzulo kwa chigawo chomwechino, kumadera a Agassiz National Wildlife Refuge, kunali moose pafupifupi 4,000 pakati pa zaka za m'ma 1980. Patangotha zaka 20 zinatsala zosakwana 100. Kumeneko ulenje anautseka m'zaka za m'ma 1990 koma kugwa kunapitirira, ndipo amene anafufuza mitembo anapeza kuti zambiri sizinaphedwe ndi chilombo chilichonse, zinkangofa zowonda, ziwindi zitadyedwa ndi nyongolotsi. Ndiye kumpoto chakum'mawa kuno, mimbulu ndi moose zakhala limodzi kuyambira kalekale, mu 2006 muja moose zili 8,840 mimbulu inali yochuluka ngati lero lomwe. Chinasintha nchiyani?

Mu 2013 a DNR anayamba kuveka moose makolala a GPS. Kolala ija inkati nyama ikakhala maola 6 osasuntha imatumiza meseji pa foni za akatswiri, iwo nkunyamuka kaya ndi usiku kaya sinowo ali m'chiuno kuti akafike pasanathe maola 24, mtembo usanaole kapena kudyedwa, nkuunyamula wonse kapena ziwalo zake kupita nazo ku labu. Ntchito yotopetsa koma ndi imene inatsegula anthu maso. Pa moose zikuluzikulu zimene zinafa, zochuluka zinafa ndi matenda ndi tizilombo, ndipo ngakhale mwa zimene zinagwidwa ndi mimbulu zingapo zinali zodwala kale. Pulogalamuyi inali ndi vuto lakenso, ana ena akavekedwa kolala amayi awo ankawathawa osabwereranso, anthu anakwiya, mpaka bwanamkubwa wa nthawiyo a Mark Dayton analamula mu Epulo 2015 kuti boma lisiye kuveka makolala. Ena amati anachita bwino, ine ndimaona ngati anazimitsa nyali pamene anthu amayamba kuona, akanangoletsa za anazo nkusiya zikuluzikulu.

Mdani wamkulu amene anapezeka ndi kanyongolotsi kopyapyala ngati tsitsi kamene kamakhala m'mutu mwa agwape akuno otchedwa white-tailed deer. Gwapeyo sikamupweteka, amakhala nako moyo wake wonse ali wonenepa bwinobwino. Timphutsi take timatuluka ndi ndowe, nkhono zing'onozing'ono zimatitenga, moose pobudula masamba imameza nkhono ija osadziwa. Mwa moose kanyongolotsi kaja kamasochera, kamayenda mu msana mpaka mu ubongo nkumaononga. Nyama imayamba kupendeketsa mutu, kuyenda mozungulirazungulira pamalo amodzi, kugwa, ina kuchita khungu, mantha onse kutha moti imangoima pamsewu kumayang'ana galimoto. Anthu amaijambula nkumati taonani moose yofatsa, pamene ikufa. Mwa zikuluzikulu za makolala zija, pafupifupi imodzi mwa zinayi zilizonse zakufa inali ndi nyongolotsi imeneyi. Nyongolotsi ya m'chiwindi ija nayonso imachokera kwa agwape omwewa kudzera mu nkhono za m'madzi.

Agwapewa kale kumpoto kwenikweni kunalibe ambiri, kunali kwa moose ndi caribou, mtundu wina wa agwape a kozizira. Anakwera mitengo ikuluikulu itadulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, ndipo chimene chimawabweza ndi sinowo wakuya chifukwa miyendo yawo ndi yaifupi. Nyengo yozizira ikafewa amachulukana nkulowerera mkati. Apa ndi pamene nkhani imafika povuta kuikamba pagulu, chifukwa mlenje yemweyo amene akulira kuti moose zatha ndi amenenso akufuna agwape achuluke. Sizoni ya agwape mu Novembala kuno ndi chikondwerero, anthu pafupifupi 400,000 amavala zaolenji nkulowa m'tchire, ana ena sapita kusukulu, mashopu ndi malo ogona amapanga ndalama, boma limatolera za malaisensi. Moose ilibe anthu oivotera ochuluka choncho. Pulani ya boma ya 2011 inati kudera la moose agwape asapitirire 10 pa sikweya mailosi imodzi, koma kanene pa msonkhano kuti tiwachepetsenso muone mene anthu akuyang'anireni. Ena mpaka amawathirira chimanga kuseri kwa nyumba kuti aziwaonera pawindo. Ndiye chodabwitsa china, kafukufuku amene anachitika ku Grand Portage, dera la a Ojibwe kumalire ndi Canada, nkutuluka mu 2021 anaonetsa kuti pamene pali mimbulu agwape ndi moose sizisakanikirana kwambiri, ndiye mpata wopatsirana nyongolotsi umachepa. Mmbulu womwewo ukudya mwana wa moose ukutetezanso mayi ake ku matenda. Kaya munthu uziti chani pamenepa.

Kenako nkhupakupa. Izi ndiye zimandinyansa ndikaganiza. Timphutsi take timakwera pa udzu ndi timitengo mu Seputembala mpaka sinowo atagwa, timagwirana miyendo nkupanga chimpukutu, moose ikadutsa kamodzi kakagwira tonse masauzande takwera. Timakhala pa nyama yomweyo nyengo yonse yozizira tikuyamwa, zazikazi zimakhuta nkufufuma ngati mphesa nkugwa pansi cha mu Epulo kukaikira mazira. Zikagwera pa sinowo zambiri zimafa, zikagwera pa dothi zimapulumuka. Ndiye sinowo akachedwa kubwera nkufulumira kusungunuka, nkhupakupa zapata mbali zonse ziwiri. Gwape amadzinyambita nkuzichotsa zikadali zazing'ono, moose imazindikira mochedwa, imayamba kudzikhula pa mitengo mpaka ubweya kuthothoka nkutsala yotuwa mbuu, yowonda, pakati pa chisanu. M'zigawo za New Hampshire ndi Maine anawerenga pa ana a moose akufa pakati pa 2014 ndi 2016 nkupeza kuti mwana mmodzi amakhala ndi nkhupakupa pafupifupi 47,000, ndipo ana 7 mwa 10 aliwonse amene ankawatsatira anafa. Magazi amachita kutheratu. Ndipo iyi si ng'ombe yoti mukusa Loweruka m'mawa kupita nayo ku dipi, ili pakati pa dambo mtunda wa masiku awiri pa bwato.

Nyengo yake nayo yasokonekera moti sungapangire pulani. Kuno ku Duluth nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023 kunagwa sinowo woposa mamita atatu ndi theka, sanagwepo wochuluka choncho chiyambire kulemba, agwape anafa ambiri kumpotoku ndipo alenje a agwape analira. Chaka chotsatira sinowo anachita kusowa, nyanja zinachedwa kuuma, anthu ankayenda pa udzu mu Febuluwale. Chaka chabwino kwa moose chimatsatidwa ndi chaka chabwino kwa nkhupakupa.

Mfundo imene imandisangalatsa, chifukwa ndi yokhayo munthu angagwirepo ndi manja, ndi ya nkhalango yeniyeniyo. Moose siifuna nkhalango yokalamba ya mitengo italiitali, ilibe chodya mmenemo. Imafuna mphukira, malo amene papita moto kapena padulidwa mitengo nkuyamba kuphukanso. Moto wa Ham Lake mu 2007 unatentha maekala pafupifupi 75,000 kumapeto kwa Gunflint Trail, wa Pagami Creek mu 2011 unatentha oposa 90,000. Nthawi imeneyo anthu analira, nyumba zinapsa ku Ham Lake, koma patapita zaka owerenga pa helikopita aja ankapeza moose zambiri m'malo opsawo kuposa kwina. Moto umaphanso nkhono ndi nkhupakupa zapansi kwa kanthawi. Zaka zambirimbiri ndondomeko inali yozimitsa moto uliwonse, nkhalango inakalamba, ndipo makampani a mapepala amene ankadula mitengo nawo achepa. Pano pali ntchito yotentha dala ndi kudula madera akuluakulu kuti mphukira zibwerere, koma imafuna ndalama ndipo palibe amene amafuna utsi pafupi ndi kanyumba kake ka kunyanja.

Ndinenepo za a Ojibwe chifukwa amanyozedwa pa zinthu zimene sanalakwe. Magulu a Fond du Lac, Grand Portage ndi Bois Forte anapereka dera lonseli ku boma la America pa pangano la 1854, koma m'panganomo anasunga ufulu wosaka ndi kuwedza. Si chifundo cha boma, ndi mtengo wa dziko limene anapereka. Boma litatseka mu 2013 iwonso anayamba aima, kenako anayambiranso pang'onopang'ono, a Fond du Lac mu 2016, zamphongo zochepa pa chaka, nyama yake nkumagawana ndi okalamba ndi pa miyambo. Ndiye umamva munthu akuti ife atiletsa koma a Ojibwe akupha. Koma helikopita yowerengera ija amathandiza kulipira ndi iwowo, a Fond du Lac ndi bungwe la 1854 Treaty Authority, ndipo boma litasiya makolala a Grand Portage anapitiriza pa malo awo. Zamphongo makumi angapo sizisintha kuchuluka kwa ana obadwa chifukwa yamphongo imodzi imakwera zazikazi zingapo. Amene akudziwa bwino kuti moose zili pati ndi kuti zikudwala chani ndi omwe akuzidyawo.

Kuti muone kuti nkhaniyi ilibe yankho limodzi, ku Maine ndi ku Vermont akuchita zosiyana ndi kuno. Kumeneko m'madera ena moose zinachulukana kwambiri moti nkhupakupa sizivutika kupeza pokwera, ndiye boma linaonjezera malaisensi dala, mpaka ophera zazikazi, kuti zichepe zitalikirane nkhupakupa zisowe chakudya. Maine inayamba kuyesa zimenezi mu 2021 kudera lina lakumpoto chakumadzulo. Kwina akuletsa mfuti kuti apulumutse moose, kwina akuonjezera mfuti pa cholinga chomwecho, ndipo onse akhoza kukhala akulondola chifukwa matenda ake ndi osiyana.

Paja ndinati ndifika kwathu. Ife tikamva kuti nyama zikutha timathamangira mawu amodzi, opha nyama mozembera, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Ku Majete nyama zinatha ndi mfuti ndi misampha, ndiye a African Parks atalowa mu 2003 nkumanga mpanda, kulimbitsa alonda ndi kubweretsa nyama zina, zinatheka, lero kuli mikango ndi zipembere. Mankhwala anagwirizana ndi matenda. Koma kumbukiraninso mvuu zija zinkayandama zakufa mu Shire ku Liwonde kumapeto kwa 2018, panalibe mlenje pamenepo, inali anthrax, ndipo zinadziwika chifukwa wina anatenga ziwalo nkupita nazo ku labu. Pempho langa kwa atolankhani anu ndi lakuti akamalemba kuti nyama zakuti zachepa azifunsako a nthambi ya zanyama zakutchire kuti munawerenga liti, munawerenga bwanji, ndipo zakufazo munazing'amba nkuona chimene chazipha? Kuno dziko lolemera chonchi, ndi mahelikopita ndi makolala otumiza meseji, zinawatengera zaka kuti avomereze kuti nkhono ndi nkhupakupa zikupha kuposa mfuti, ndipo ena mpaka lero sakuvomereza.

Mdala uja amati atatsegulanso iye sizikumukhudza, mwayi wake anadya kale, koma amafuna mdzukulu wake adzalembetseko. Ine ndikuona kuti sizichitika msanga. A DNR sangatsegule nambala ili pa 4,000, ndipo kuti ikwere pakufunika kuchepetsa agwape kumpoto, kutentha nkhalango mwadala ndi kukambirana za mimbulu mopanda kutukwanana, zinthu zitatu zimene chilichonse chili ndi gulu lake lokwiya.

Kwa abale amene muli ku Minneapolis ndi St. Paul amene mumandifunsa kuti tingakaione kuti, kwerani Gunflint Trail m'mamawa kusanache bwino, pitani mpaka kumtunda kumene kunapsa kuja, muziyang'ana m'madambo a m'mbali mwa msewu. Nthawi yozizira yendani pang'onopang'ono pa makona chifukwa zimagwada pakati pa msewu kunyambita mchere umene amathira kuti asungunule ayezi, ndipo mukaigunda miyendo imathyoka thupi lonse nkugwera pa galasi lakutsogolo. Mukakumana ndi yaikazi ili ndi mwana mu Meyi kapena Juni musatsike kukajambula selefi, imamenya ndi miyendo yakutsogolo ndipo imathamanga kuposa inu. Mukaona ina yapendeketsa mutu ikungozungulira, imbirani a DNR muwauze malo ake.

Ndatha ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Duluth, Minnesota